M'chikuta: Kubadwa ndi Kuyamwa kwa Mwana ku Petauke ndi Nyimba

Lero tili kum'mawa kwa dziko lathu la Zambia, m'maboma a Petauke ndi Nyimba, kwawo kwa Ansenga, m'dziko la Mfumu Yaikulu Kalindawalo ndi mafumu ena monga Mumbi, Mwanjawanthu, Ndake, Nyalugwe ndi Luembe. Nkhani yathu ndi ya m'mene mwana anali kubadwira, kusamalidwa ndi kuyamwitsidwa m'midzi ya kumeneku m'masiku a agogo anu, ndi m'mene zinthuzo zasinthira kufikira lero.

Ambiri a inu ana munabadwira kuchipatala, ndipo kunyumba kuli khadi lanu la kusikelo lolembedwa tsiku, mwezi ndi chaka chimene munabadwa. Koma funsani agogo anu aakazi za kubadwa kwa mwana wawo woyamba. Ambiri sadzatulutsa pepala lililonse. Adzati anabadwa anthu akukumba nshawa, kapena mvula yoyamba itangogwa, ndipo akaona kuti mukumvetsera mwaulemu adzasimba zambiri zimene sizinalembedwe m'buku. Zosimba zawozo zifunika kuzipeta monga amayi apetera mphale m'lichero, pakuti muli nzeru zimene madokotala a lero akuzivomereza, ndipo mulinso miyambo ina imene inatenga miyoyo ya makanda ambiri, eni ake osadziwa.

Ansenga, monga Achewa anzawo, amawerengera mtundu kuchikazi, ndipo kale mwamuna akakwatira anali kuyamba wakhala kumudzi kwa mkazi wake. Motero mayi wapakati kawirikawiri anali pakati pa abale ake enieni. Matenda akayamba, pakuti ndimo m'mene akulu amanenera nthawi yobereka ikafika, amuna ndi ana anali kuuzidwa kuti atalikire nyumbayo. M'nyumbamo munali kulowa amayi achikulire okhaokha: mayi wake wa wodwalayo, agogo, anamkungwi, ndi mzamba ngati analipo pamudzi. Mzamba sanaphunzire ntchito yake m'kalasi ayi. Anaiphunzira poyang'ana ndi pothandiza achikulire ena kwa zaka zambiri, ndipo malipiro ake anali nkhuku, ufa kapena chitenje, pamodzi ndi ulemu wa mudzi wonse. Zonse zikayenda bwino, nthungululu inali kumveka, ndipo uthenga unali kupita kwa bambo wakuti, "Akazi anu achira." Liwu limeneli lilingalireni bwino. Munthu amachira ngati anali pangozi, ndipo makolo athu anadziwa kuti kubereka ndi ngozi ndithu.

Tsoka linali kugwa pamene mwana wachedwa kubadwa. M'midzi yambiri anthu anali kukhulupirira kuti kuchedwako kwadza chifukwa mwamuna kapena mkazi sanasunge ukwati wake, ndipo mayi wovutika kale ndi ululu anali kufunsidwa mafunso usiku wonse kuti aulule. Ena anali kumwetsedwa mizu yofulumizitsa matenda. Lero tidziwa chimene chimachitika m'thupi. Nthawi zina mwana amagona chopingasa. Nthawi zina mutu wake umakula kuposa njira ya pakati pa mafupa a m'chiuno, makamaka ngati woberekayo ndi mtsikana amene thupi lake lisanakhwime. Kuulula sikungakuze fupa, ndipo mizu yamphamvu ikakakamiza chiberekero kukankha mwana panjira yotsekeka, chiberekerocho chikhoza kung'ambika. Chofunika pamenepo ndi opaleshoni, ndipo opaleshoni ili kuchipatala.

Nanga chipatala chinali kuti? Kunali cha mishoni ku Minga, china ku Nyanje, cha boma ku Petauke, ndi cha St Francis ku Katete. Koma kwa munthu wa m'chigwa cha Luangwa, kwa Luembe kapena kwa Nyalugwe, malo onsewa anali kutali, njira yake ya mapiri ndi mitsinje yodzaza m'dzinja. Ng'ombe zokoka ngolo zinali zosowa kuchigwako chifukwa cha ntchentche za kashembe. Wodwala anali kunyamulidwa pamachira, amuna akulandizana, kufikira pamsewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, ndi kuyembekeza galimoto pamenepo. Tsono musafulumire kuweruza agogo kuti anali kukana chipatala. Ambiri analibe njira yofikirako nthawi isanathe.

Tiyeni tsopano kwa khanda. Likabadwa, chingwe cha mchombo chinali kumangidwa ndi luzi kapena ulusi, ndi kudulidwa ndi bango long'amba, nsenjere, kapena m'zaka za pambuyo pake lezala, limene mwina linametera kale anthu ena. Pamchombo anali kupakapo phulusa, mwaye, mafuta a nsatsi kapena mankhwala a kutchire kuti uume msanga. Cholinga chinali chabwino, koma apa ndi pamene panali khomo la imfa. M'dothi ndi m'ndowe muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timayambitsa kafumbata. Tikalowa pabala la mchombo, khanda limene linali kuyamwa bwino limaleka kuyamwa, kawirikawiri pakati pa tsiku lachitatu ndi sabata yachiwiri. Nsagwada zimauma, timanja timafumbata, thupi lonse limakokana. Makanda ambiri otere anali kufa, ndipo mlandu unali kugwera mfiti, kapena munthu amene anati walowa m'nyumba ali wotentha. Zimene zinagonjetsa nthendayi ndi katemera wa amayi apakati, lezala latsopano, manja osamba ndi sopo, ndi kuleka kupaka zapamudzi pamchombo. M'chaka cha 2007 dziko la Zambia linavomerezedwa kuti latsitsa kafumbata wa makanda kufika pa mwana wosakwana mmodzi mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'boma lililonse. Koma tizilombo take tikadali m'dothi, ndipo titabwereranso kuphulusa, nthendayo ingabwerenso.

Mwambo umene ndifuna kuti tichedwepo pang'ono ndi wa chikuta. Mayi ndi khanda lake anali kukhala m'nyumba osatuluka kufikira mchombo utagwa, ndiko kuti pafupifupi sabata imodzi. Masiku amenewo mayi sanali kupita kumunda, kusinja, kutunga madzi kapena kuphika. Amayi anzake anali kumuthowa ndi madzi ofunda m'mawa ndi madzulo, ndi kumumanga nsalu m'mimba. Anali kumuphikira phala, nsima ya ndiwo zotendera, ndi nkhuku ngati inalipo, ndiponso kumufululira thobwa kuti mkaka utuluke wambiri. Ku Petauke, kumene nshawa zimabereka bwino, nsinjiro siinali kusowa m'mphika wa mayi wa m'chikuta. Alendo sanali kuloledwa kulowa chisawawa kapena kunyamula khanda. Akulu anali kunena kuti atero poopa mdulo kapena tsempho. Ife tingatchule chifukwa china, koma phindu lake ndi lomwelo: khanda linali kutetezedwa ku chimfine, chifuwa ndi manja a anthu ambiri, linali kufunda pathupi la mayi wake, ndi kuyamwa nthawi iliyonse likafuna, usana ndi usiku. Mayi nayenso anali kupumula pamene thupi lake lataya magazi ndi mphamvu. Kunena zoona, anamwino a lero akamaphunzitsa za kuika khanda pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, ndi kusalilekanitsa ndi mayi wake, akuyenda m'njira imene agogo analambula kale. Mchombo ukagwa, m'midzi yambiri khanda linali kumetedwa, kupatsidwa dzina, ndi kutulutsidwa panja kuti mudzi ulione.

Chikuta chinali ndi vuto limodzi lalikulu. Munthu wa m'chikuta sanali kutuluka ngakhale atadwala. Mayi amene magazi sakuleka, kapena amene thupi latentha ndi kununkha, anali kukhalabe m'nyumba ya mdima ndi utsi, ndipo khanda limene maso achita chikasu silinali kuoneka bwino mumdimamo. Pamene masiku oyambawa ndiwo oopsa koposa kwa mayi ndi mwana yemwe. Ndi chifukwa chake anamwino amakumbutsa amayi ndi nambala 6: kupimidwa patapita maola 6, masiku 6, ndi masabata 6.

Nkhani ya bere iyambira pa mkaka woyamba, wachikasu ndi wonanda uja, umene ena amautcha chithuwi. M'mabanja ambiri, ngakhale si onse, mkaka umenewu anali kuuyesa wakuda. Anali kuufinyira pansi, ndi kupatsa khanda madzi kapena madzi a mizu kufikira mkaka woyera utatuluka. Apa agogo anaphonya kwambiri. Mkaka woyambawu ndi wochepa, koma mimba ya khanda la tsiku limodzi ndi yaing'ononso, ngati chipatso chimodzi cha masau. Uli ndi zoteteza thupi zochokera kwa mayi, zimene zimakuta matumbo a khanda kuti tizilombo tisalowe, kotero kuti ena amautcha katemera woyamba. Umathandizanso kutulutsa chimbudzi choyamba chakuda chija. Ndipo pali china chimene mzamba aliyense akanakondwa kuchidziwa: khanda likayamwa msanga, thupi la mayi limatulutsa mphamvu yochititsa chiberekero kukhwinyata, motero magazi amachepa kutuluka. Langizo la lero ndi lakuti khanda liikidwe kubere ola loyamba lisanathe.

Chinanso chinali phala lamadzimadzi loyamba msanga, mwana ali ndi mwezi umodzi kapena iwiri, poti akulira ndiye kuti mkaka sukumukwana. Phala lotere limadzaza mimba koma lilibe mphamvu ngati mkaka, ndipo madzi ake ndi chikho chake ndizo zinali kubweretsa kutsegula m'mimba. Mwana akatsegula m'mimba liwombo limalowa, ndipo akulu anali kupaka mankhwala pamutu. Liwombolo si nthenda ayi. Ndi mpata wa mafupa a mutu umene umatsekeka wokha mwana akamafika chaka ndi theka, ndipo likalowa likutiuza kuti madzi atha m'thupi. Mankhwala ake ndi bere, madzi a moyo aja a mchere ndi shuga, ndi kufulumira kuchipatala. Kuyambira m'chaka cha 2001, Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse limalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha, popanda ngakhale madzi, kwa miyezi 6, kenaka ayambe zakudya zina akuyamwabe kufikira zaka 2 kapena kupitirira.

Pa zaka ziwirizi agogo sangaphunzitsidwe ndi munthu. Iwo anali kuyamwitsa mwana kufikira atayenda ndi kulankhula, ali naye kumsana kumunda, kuchitsime ndi kumaliro komwe. Kutenga pakati pena mwana akali kubere kunali kochititsa manyazi, ndipo kuli ndi dzina lake, kutumbiza. Mwana wosiyitsidwa bere motere anali kudwala utumbidwa: kunyentchera, kutupa mapazi ndi masaya, tsitsi kufiira, ndi kungokhala chete osasewera. Akulu anali kunena kuti wayamwa mkaka woipa. Taonani tsono chodabwitsa. Dokotala wina wachikazi, Cicely Williams, wobadwira ku Jamaica, anaona nthenda yomweyi pogwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. M'chaka cha 1935 anailemba ndi dzina limene anthu a mtundu wa Ga anali kuitcha kale, kwashiorkor, kutanthauza nthenda ya mwana wochotsedwa kubere pobwera mng'ono wake. Amayi a ku Accra ndi amayi a ku Petauke, osadziwana, anaona chinthu chimodzi ndi kuchipatsa dzina. Chimene sanathe kuona ndi chakuti mkaka wa mayi wapakati suipa. Choipa ndi kuchotsa mwana kubere tsiku limodzi, kumutumiza kwa agogo, ndi kumusiya pa phala loyera lopanda nsinjiro, dzira, nyemba kapena nsomba.

M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kunabwera mlendo wina, botolo ndi mkaka wa m'chitini. Zinayambira m'matauni, ku Lusaka ndi kumigodi, ndipo zinafika kumudzi m'masutikesi a abale obwera kutchuthi. Botolo linali kuoneka ngati chizindikiro cha munthu wotsogola. Koma chitini chinali chodula, ndipo mayi pofuna kuti chikhalitse anali kuchepetsa ufa ndi kuchulukitsa madzi. Madziwo anali a pachitsime, ndipo botolo ndi lovuta kutsuka. Ana ambiri m'maiko osauka anafa ndi kutsegula m'mimba ndi kunyentchera mwa njira imeneyi. M'chaka cha 1981 maiko anagwirizana malamulo oletsa makampani kunyengerera amayi kuti asiye bere, ndipo m'chaka cha 2006 Zambia inaika malamulo ake pankhani yomweyi. Mkaka wa m'chitini uli ndi ntchito yake, monga kwa khanda lamasiye, koma uperekedwe ndi malangizo a chipatala, m'kapu yoyera.

Mantha aakulu koposa anadza ndi Edzi, imene inadziwika m'Zambia m'chaka cha 1984. Zitadziwika kuti kachilombo kangapite kwa mwana kudzera m'bere, amayi ambiri anasowa chogwira: kuyamwitsa kunali ndi ngozi, kusayamwitsa kunalinso ndi ngozi, ndipo mayi wosayamwitsa anali kulozedwa chala pamudzi. Mwambo wakale wakuti mayi akamwalira khanda liyamwe kwa mbale wake unayamba kuopedwanso. Mankhwala a ARV ndiwo anamasula mfundoyi. Kuyambira m'chaka cha 2013, mayi aliyense wapakati kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo amayamba mankhwala a moyo wake wonse, njira imene anansi athu a ku Malawi anaiyamba m'chaka cha 2011. Mayi womwa mankhwala ake mokhulupirika amalangizidwa kuyamwitsa, ndipo ngozi yopatsira mwana imachepa kwambiri.

Nanga azamba anapita kuti? M'zaka za m'ma 1970 boma linayamba kuwaphunzitsa za ukhondo ndi za kuzindikira zizindikiro zoopsa. Izi zinathandiza pamchombo, koma mzamba, ngakhale waluso chotani, sangaike munthu magazi kapena kuchita opaleshoni. Cha m'ma 2010 boma linaleka kuwaphunzitsa kubereketsa, ndi kulamula kuti amayi azichilira kuchipatala. Ambiri a iwo analowa m'magulu a SMAG, amene amayendera amayi apakati m'midzi ndi kuwaperekeza kuchipatala nthawi ikayandikira. Pazipatala panamangidwanso nyumba zodikirira, kuti mayi wa kutali afike masabata otsiriza asanathe, mitsinje isanamutsekere njira. M'chaka cha 2012 boma la Nyimba linali limodzi la maboma anayi oyamba, pamodzi ndi Lundazi, Mansa ndi Kalomo, kumene kunayambira ntchito yotchedwa Saving Mothers, Giving Life. Pofika 2016, m'maboma amenewa amayi ochilira kuchipatala anakwera kuchoka pa 63 kufika pa 90 mwa 100 alionse, ndipo imfa za amayi zinatsika ndi magawo pafupifupi 41 pa 100. M'dziko lonse, kafukufuku wa zaumoyo wa 2001 ndi 2002 anapeza imfa za amayi 729 pa ana 100,000 obadwa amoyo, pamene wa 2018 anapeza 278. M'chaka chomwecho cha 2018, makanda 70 mwa 100 osakwana miyezi 6 anali kuyamwa bere lokha.

Nambala zimenezi ndi zokondweretsa, koma pali chimene sizionetsa, ndipo agogo amachidandaula. Mayi wa lero amachira bwino kuchipatala, koma akabwerera kunyumba nthawi zina sapeza womuthowa, womuphikira kapena womutungira madzi. Mabanja anamwazikana, ndipo mtsikana wobereka m'komboni, kutali ndi amayi ake, amadzuka tsiku lachitatu kukagulitsa pamsika. Ine ndiona kuti potaya phulusa la pamchombo, ena anataya pamodzi ndi mpumulo wa m'chikuta, chimene sichinayenera kutayidwa. Lamulo la ntchito la 2019 limapatsa mayi wolembedwa ntchito masabata 14 a tchuthi cha uchembere ndi nthawi yoyamwitsa akabwerera kuntchito, ndipo aphunzitsi aakazi mukulidziwa bwino. Koma mlimi wa kwa Ndake ndi wogulitsa nthochi pamsewu pa Nyimba alibe bwana wowapatsa tchuthi. Tchuthi chawo chili m'manja mwa amuna awo, apongozi awo, ndi inu ana amene mungatunge madzi ndi kutola nkhuni.

Mawu otsatirawa ndi a aphunzitsi. Nkhani zimenezi m'mwambo wathu sizikambidwa pabwalo, ndipo mwana akapita yekha ndi mafunso osakonzeka, agogo adzamuthamangitsa, ndipo adzakhala akhoza. Yambani mwaonana ndi makolo ndi anyakwawa, ndipo ngati kungatheke itanani mayi mmodzi wachikulire pamodzi ndi namwino wa pakiliniki yapafupi kuti adzakhale pamodzi m'kalasi. Mafunso a ana akhale a zapoyera: mwana anabadwira kuti, mayi anadya chiyani m'chikuta, anakhalamo masiku angati, dzina anapereka ndani, mwana anayamwa kufikira liti, ndipo chipatala chapafupi chinali mtunda wa maola angati poyenda pansi. Za m'kati mwa nyumba yoberekera zisiyireni alangizi. Anyamata asatulutsidwe panja, pakuti mawa ndiwo adzasunga ndalama ya ulendo ndi kupalasa njinga usiku. Mayankho alembedwe m'kabuku ka kalasi, popanda maina a anthu, ndi kusungidwa pasukulu. A Giredi 6 ndi 7 abweretse makadi a kusikelo a ang'ono awo, makolo atalola, ndipo pa phunziro la masamu awerenge kulemera kwa mwezi ndi mwezi, aone ngati mzere ukukwera, ndi kupeza mwezi umene mwanayo anayamba phala.